Ulendo wa sukulu: yankho langa kwa mayi a ku Namwera

Mayi ena a ku Namwera anditumizira imelo, akuti kusukulu kwa mwana wawo wa sitandade 7 akufuna makolo asonkhe ndalama ya ulendo wa ku Boma la Mangochi ndi ku Cape Maclear, ndiye akufunsa kuti kodi si kungotaya ndalama kumeneku zinthu zavuta chonchi?

Mayi, ngati mungakwanitse muloleni apite ndithu. Chimandiwawa ine nchakuti ana ambiri a kumtunda kuno, Namwera, Katuli uko, amalemba za nyanja ya Malawi pa mayeso koma sanaiponyepo diso olo kamodzi, chonsecho ili m'boma lawo lomweli ndipo azungu amachita kukwerera ndege kudzaiona.

Pa Boma pompo, pafupi ndi buliji ya Bakili Muluzi, pali chipilala cha wotchi chija, pambali pake mfuti ya sitima ya Guendolen yomwe inakathira nkhondo sitima ya ma Jeremani pa nyanja yomweyi mu 1914, komanso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mwana akaima pamenepo nkuwerenga yekha, histore imasiya kukhala manotsi oloweza, amabwerako ndi mafunso mpaka inu kutopa nawo. Ku Cape Maclear akaona manda a amishoni a Livingstonia omwe anafika mu 1875 nkusamukira ku Bandawe malungo atawasautsa, ndiye pali tinsomba tija ta mbuna tamitundumitundu, tomwe tinathandiza kuti paki ya kumeneko ya Lake Malawi National Park ilowe m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984. Akamva kwa asodzi enieni chifukwa chake chambo chikusowa, nkhani yophera nsomba maukonde a udzudzu ija aimvetsa kuposa ya pa bolodi.

Koma china chomwe sichili mu silabasi, kugwira yekha kandalama tsiku lonse, kusunga nthawi basi isamusiye, kugawana chinangwa ndi mnzake amene sanatenge kanthu, zimenezi ine ndimaziwerengera kwambiri.

Musanalipire pitani kaye kwa ahedi, musachite manyazi ayi ndi ufulu wanu. Funsani kuti aphunzitsi apita angati, alipo achizimayi oyang'anira atsikana, galimoto yake ndi yotani (za ana kuthithikana mu lole musavomere), ndipo akakwera boti ma life jacket alipo okwana? Mwana wa kumtunda sadziwa kusambira mayi, pamenepa pokha limbikiranipo mpaka akuyankheni zomveka. Ndalama ikapanda kukwana pemphani kuti muzipereka pang'onopang'ono tsikulo lisanafike.