Kuyankha amalume pa nkhani ya mpeni wa ku Perugia

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva mochedwa, ndinali pantchito ndipo foni sitilowa nayo mu labu. Ndiyankhira pagulu pompano kuti azakhali nawonso amve, poti ndaona aponyapo mawu. Ikhala yaitali iyi, mundikhululukire pa bandulo.

Mwati mwaonera pa TV nkhani ya Amanda Knox, mtsikana wa ku America amene anamangidwa ku Italy pa imfa ya mnzake wokhala naye nyumba imodzi. Ndiye mwafunsa kuti munthu woti DNA yake inapezeka pa mpeni angatuluke bwanji m'ndende, mnyamata wakuda yekha n'kutsala m'kati. Mwati zimenezi si ndalama ndi khungu basi?

Amalume, ndalama zinagwira ntchito, sindikana. Koma pa mpeniwo ndiye sindikuvomerezani. Umboni umenewo unali wofooka zedi, moti ine ntchito yotereyo nditaipereka kwa abwana anga angandibwezere.

Tiyambe ndi womwalirayo, chifukwa ambiri amamuiwala. Dzina lake Meredith Kercher, wa zaka 21, wa ku England, ankaphunzira ku yunivesite ya Leeds ndipo anapita ku Perugia, mzinda wa ku Italy, kukaphunzira kwa chaka. Anaphedwa usiku wa pa 1 November 2007 m'chipinda chake, anam'baya pakhosi. Amanda anali ndi zaka 20, chibwenzi chake Raffaele Sollecito zaka 23, ndipo awiriwo anali atangodziwana sabata imodzi yokha.

Tsopano mpeniwo. Choyamba, sunapezeke m'nyumba ya maliroyo ayi. Apolisi anakautenga m'dilowa ya kukhitchini kwa Raffaele, nyumba ina. Mpeni wamba wodulira zakudya. DNA ya Amanda inali pa chogwirira, eya, koma mtsikanayo ankagona komweko, ankaphika komweko. Zili ngati apolisi abwere kwanu apeze zala za azakhali pa mthiko wawo womwe, n'kumati tagwira munthu. Palibe chodabwitsa pamenepo.

Mlandu wonse unatsamira pa kadontho kena, kamene anati kanali chakuthwa kwa mpeniwo ndipo kanali ka Meredith. Apa ndiye pamafunika kumvetsa mmene makina athu amagwirira ntchito. Ifenso poyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi timagwiritsa ntchito njira yomweyo, PCR. Makinawo amatenga kanthu kochepetsetsa n'kukachulukitsa mobwerezabwereza mpaka kaoneke. Ubwino wake ndi womwewo, kuopsa kwake ndi komwekonso, chifukwa makina sasankha. Chimene chalowa mu chubu amachichulukitsa, kaya chachokera kwa wodwala, kaya chachokera pa golovesi yanga, kaya chatsalira pa benchi kuchokera ku sampo ya dzulo. N'chifukwa chake nthawi zonse timaika chubu china chopanda kanthu pambali. Chimenecho chikaonetsa zotsatira, timadziwa kuti penapake paipa, timataya zonse n'kuyambiranso. Ndipo sampo ikakhala yochepa kwambiri, lamulo lake n'lakuti uigawe, uyeze kawiri kapena katatu, uone ngati yankho likubwera lofanana.

Ku labu ya apolisi ku Rome sanatero. Kadonthoko kanali kochepa kwambiri moti makina oyezera kuchuluka analemba kuti n'kochepetsetsa. Katswiri wa apolisi, Patrizia Stefanoni, anapitiriza ndithu, anayeza kamodzi kokha, sampo n'kuthera pomwepo. Komanso labu yomweyo inali ikuyeza zinthu zambirimbiri zodzaza magazi a Meredith. Ndiye tangoganizani. Atayeza ngati pa mpeniwo panali magazi, sanapezepo magazi. Oimira boma anati ndiye kuti anautsuka kwambiri. Koma mu 2011 khoti la apilo litasankha akatswiri ake awiri a ku yunivesite ya Sapienza ku Rome, Carla Vecchiotti ndi Stefano Conti, iwo anapezapo sitachi, zotsalira za chakudya. Mpeni wotsukidwa mpaka magazi onse kuchoka, koma sitachi n'kutsala? Komanso pa nsalu ya pabedi panali chidindo cha mpeni wamagazi, ndipo chinali cha mpeni wocheperapo.

Kwa Raffaele, chimene chinam'gwira ndi kachitsulo komangira bra ya Meredith kumbuyo. Kameneka ndiye kamandipweteka mutu. Apolisi anakaona pansi m'masiku oyambirira, anakajambula, koma sanakatole. Anabwerera pa 18 December, patadutsa masiku 46. Nthawi yonseyo anthu analowa, anasuntha matiresi, anaunjika zovala, ndipo kachitsuloko kanapezeka katasuntha, kali pena. Ndiye pali vidiyo ya apolisi eni ake, imene inaonetsedwa m'khoti. Akukapatsirana m'manja, wina akukagwira ndi golovesi yooneka yakuda, kenako akukabwezera pansi kuti akajambule. Anthu m'khoti anaseka. Pa kachitsuloko panapezeka DNA ya Raffaele, komanso zizindikiro za amuna ena. Nanga enawo bwanji sanawafunefune?

Mwina muziti ndikukokomeza za magolovesi. Ku Germany apolisi anasakasaka mzimayi wina kwa zaka zambiri, DNA yake ikupezeka pa milandu pafupifupi 40, kuba, kuthyola nyumba, kupha, mpaka imfa ya wapolisi ku Heilbronn mu 2007. Ankapezeka ku Germany, ku Austria, ku France. Mu 2009 anatulukira kuti mayiyo si chigawenga ayi, ankagwira ntchito ku fakitale yopanga timitengo ta thonje timene apolisiwo ankatolera sampo. DNA inali yake ndithu, makina sananame. Koma makina sangakuuzeni kuti inafika liti pamalopo, kapena inafika bwanji. Zimenezo amayankha ndi anthu, ndipo anthu akakhala atagamula kale mumtima amayankha mokomera maganizo awo.

Tsopano tibwere kwa mnyamata mukumumvera chisoniyo, Rudy Guede, wobadwira ku Ivory Coast koma wokulira ku Perugia. Amalume, apa ndikupemphani muike khungu pambali kaye, muone kulemera kwa umboni. Chidindo cha dzanja lake, cha magazi a Meredith, chinali pa pilo pansi pa mtembo. DNA yake inali m'thupi la mtsikanayo, pa zovala zake, pa chikwama chake. Mapazi a nsapato zake, a magazi, anatuluka m'chipindamo kulowera kukhomo. M'chimbudzi anasiya osagujumula. Anathawira ku Germany, anakam'gwira m'sitima. Iye mwini sanakane kuti analipo, anangoti anali kuchimbudzi pamene munthu wina ankapha. M'chipinda chomwecho, chaching'ono, mmene munali kulimbana koopsa, DNA ya Amanda sinapezeke ngakhale pamodzi. Munthu angapukute bwanji zake zokha, zosaoneka ndi maso, n'kusiya za mnzake? Funso limeneli oimira boma sanaliyankhe mogwira mtima.

Za zaka zake, Guede anasankha njira yachidule ya mlandu imene malamulo a ku Italy amalola, ndipo amakuchotserako chilango. Anam'patsa zaka 30 mu 2008, pa apilo zinatsika kufika 16, anamaliza chilango mu November 2021. Amanda poyamba anapatsidwa 26, Raffaele 25. Ndiye mukaona manambala, amene umboni unam'zungulira mbali zonse ndiye analandira zochepa.

Koma pali munthu wakuda amene analakwiridwa kwenikweni pa nkhaniyi, ndipo pa TV samutchula kawirikawiri. Patrick Lumumba, wa ku Congo, osati mtsogoleri uja ayi, uyu anali ndi bala ku Perugia komwe Amanda ankagwirako ganyu. Usiku wa pa 5 kuchera pa 6 November apolisi anam'panikiza Amanda mpaka m'bandakucha. Loya panalibe. Chitaliyana ankangochidziwa pang'ono. Womasulira amene anabwera anali wogwira ntchito kupolisi komweko, ndipo m'malo momasulira chabe anayamba kum'limbikitsa kuti mwina waiwala chifukwa cha mantha. Kufunsako sanakujambule. Anapeza uthenga wa pafoni umene Amanda anatumizira abwana akewo usiku wa imfayo, iwo n'kuutenga ngati pangano lokumana. Pamapeto pake mtsikanayo anasaina pepala lonena kuti Patrick ndiye anapha. Tsiku lomwelo analembanso pamanja kuti zimene wanenazo akuzikayikira, zikumuonekera ngati maloto, koma apolisi anali atapita kale kukam'tenga bamboyo kunyumba kwake, n'kulengeza kuti mlandu watheka. Zotsatira za ku labu zinali zisanatuluke n'komwe. Patrick anakhala m'chitokosi masabata awiri, mpaka mphunzitsi wina wa ku Switzerland amene anali kumwa pa bala yake usikuwo anabwera kudzam'chitira umboni. Bala ija inatha, bamboyo anadzasamukira ku Poland.

Apa ndiye mawu anu a khungu ndimawamva. Apolisi sanavutike kukhulupirira kuti mwamuna wa ku Africa wachita zimenezi. Ndipo labu itaonetsa kuti ndi Guede, sanabwerere pambuyo kuti aone ngati nkhani yawo yonse inali yolakwika. Anangochotsa dzina la Patrick n'kuikapo la Guede, nkhani yoti anapha ali atatu, pamodzi ndi Amanda ndi Raffaele, n'kukhala chomwecho. Kwa ine vuto lalikulu la mlanduwu lili pamenepo, kuposa pa mpeni. Nkhani inayamba, umboni n'kumatsatira pambuyo. Mpeni ndi kachitsulo zinabwera kudzachirikiza chinthu chimene anali atalengeza kale pamaso pa atolankhani.

Atolankhaniwo nawo, eee. Anatenga dzina lamasewera limene mtsikanayo ankatchedwa ali mwana pa mpira, n'kulisandutsa la uhule. Kundende anamuuza kuti ali ndi HIV, zimene sizinali zoona, iye n'kulemba maina a amuna amene anagonapo nawo, mndandandawo n'kupezeka m'nyuzipepala. Ku Italy mlandu wakupha amaweruza majaji awiri pamodzi ndi anthu wamba 6, ndipo sawatsekera kwina, madzulo amapita kwawo kukaonera TV yomweyo.

Ndiye taonani mmene makhoti anasinthirasinthira. December 2009, Amanda ndi Raffaele olakwa. October 2011, osalakwa, atakhala m'ndende zaka zinayi. March 2013 khoti lalikulu linafafaniza chigamulo chowamasulacho, chifukwa kumeneko boma limaloledwa kuchita apilo munthu akamasulidwa. January 2014 ku Florence, olakwanso. Pa 27 March 2015 khoti lalikulu lomwelo linawamasula kotheratu, ndipo linadzudzula kwambiri kafukufuku wa apolisi, n'kunenanso kuti phokoso la atolankhani linawathamangitsa kufuna wolakwa msanga. Umboni womwewo, majaji osiyana, mayankho osiyana kwa zaka zoposa zisanu. Mu 2019 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, linagamula kuti Italy inaphwanya ufulu wa Amanda pomufunsa popanda loya ndi womasulira woyenera. Koma mlandu wonamizira Patrick unam'kakamirabe, chilango cha zaka zitatu chimene anali atagwira kale, ndipo khoti lalikulu linautsimikiza mu January 2025. Azakhali mwati mtsikanayo ali ndi nkhope yabodza. Kaya, nkhope ine sindiyeza. Kuti anam'pweteka Patrick, anam'pwetekadi. Kuti anapha, umboni wake palibe.

Za ndalama tsopano. Banja lake linalemba maloya, akatswiri a DNA, ngakhale kampani yolankhula ndi atolankhani ku Seattle, mpaka kulowa m'ngongole zazikulu. Popanda zimenezo, ndani akanakakamiza kuti zolemba za makina zitulutsidwe, kuti vidiyo ija ionedwe kachidutswa ndi kachidutswa? Ndalamazo sizinagule jaji, zinagula anthu odziwa kufunsa labu mafunso oyenera. Mukudziwa nokha anthu amene amakhala pa rimandi ku Maula kapena ku Chichiri zaka ndi zaka, fayilo yawo palibe woitsegula. Ndiye mukati wosauka sakanatuluka, ndikuvomerezani ndi manja awiri. Kungoti zimenezo sizisandutsa umboni wofooka kukhala wamphamvu.

Azakhali munafunsanso kuti bwanji osangoyezanso ndi makina atsopano a masiku ano nkhani ithe. Sizingatheke. Kadontho ka pa mpeni kanathera pa kuyeza koyamba kuja. Mu 2013 anayeza kena kamene kanapezeka pa mpeni womwewo, kanatuluka ka Amanda, osati ka Meredith. Kachitsulo kaja anakasunga molakwika, ponyowa, moti akatswiri a khoti atakatsegula anakapeza katachita dzimbiri, kosayezekanso.

Ndasiyira pomwepa, amalume, basi ikubwera. Mupereke moni kwa onse kunyumba.