Paki aikumbakumba, nanga akuchedweranji?

Funso: Akonzi, paki yomwe ndimapita ndi ana aitseka mbali ina ati akukonza matoileti, mipope ndi magetsi koma miyezi ikungopita ine ndikungoona maenje okhaokha. Zoona kumanga toileti kungatenge nthawi yonseyi? Ndine mayi wa ana awiri.

Yankho: Mayi, kudandaula kwanu nkomveka ndithu, koma ntchito yambiri ya mtunduwu ili pansi pa nthaka pomwe maso saona. Paipi yochotsa zonyansa ku toileti imayenera kutsetsereka pang'onopang'ono kuti madzi aziyenda okha, akangophonya pamenepo basi izingotsekeka ndipo toileti yatsopanoyo mudzaipeza yokhoma sabata ndi sabata. Paipi ya madzi akumwa amaiyika patali ndi imeneyo, zikadutsana imakhala pamwamba, kuti ya zonyansa ikabooka isaipitse madzi omwe ana anuwo azimwa. Mawaya a magetsi nawo amalowa m'mapaipi awoawo.

Ndiye pali mitengo ikuluikulu ija mumakhala pamthunzi pake. Pafupi ndi mizu amakumba ndi manja osati makina chifukwa akadula mizu mtengo umauma kapena kudzagwa ndi mphepo. Konkire nayo sifuna phuma, amawerengera masiku 28 kuti ilimbe mokwanira.

Akadzatsegula mukaone polowera ku toileti, ine mpomwe ndimayambira. Njira ya njinga za olumala pokwera mita 1 imafunika kutalika mamita osachepera 12, ikafupika kuposa apo munthu amavutika kukwera yekha ndipo mukawauze oyang'anira pakiyo.