Kodi Mvula Ikatha Tingapalase Bwato mu Zambezi?

Funso: Ine ndi anzanga atatu a kuntchito takonza zopita ku Livingstone m'mwezi wa Meyi kuti tikapalase bwato la mphira m'chigwembe cha Batoka, kumunsi kwa mathithi a Victoria. Popeza mvula idzakhala itatha, kodi madzi sadzakhala ataphwera? Wowerenga wa ku Chipata.

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu, koma mwezi mwasankhawo si wabwino. Mtsinje wa Zambezi suyendera mvula yogwa ku Livingstone. Madzi ake ambiri amachokera kutali, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi ku Angola, ndipo asanafike pa mathithi amayamba afalikira m'dambo lalikulu la Barotse, komwe Alozi amachita mwambo wa Kuomboka pothawa madzi osefukira. Dambolo limasunga madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, motero pa mathithi mtsinje umadzaza kwambiri cha mu Epulo, pamene kwathu kuno anthu ayamba kale kudya mondokwa, ndipo mu Meyi umakhala udakali wodzaza.

Tsono ganizirani izi: pamwamba pa mathithi mtsinjewu ndi wotambalala mamita oposa 1,700, koma madzi onsewo akagwa amapanikizika m'chigwembe chopapatiza cha miyala yakuda. Alibe kofalikira, amangokwera m'mwamba. Anthu ambiri amaopa mafunde aakulu, koma chimene opalasa odziwa amaopa kwambiri ndi kusowa kwa madziwe. Madzi akakhala ochepa, pambuyo pa malo alionse olusa pamakhala dziwe lodekha, pomwe munthu wogwera m'madzi amakokedwa ndi lamba wa jekete yake yoyandamitsa n'kubwezeredwa m'bwato, nkhafi zotayika n'kutoledwa. Mtsinje ukadzaza, madziwe amenewa amafafanizika, magombe a mchenga amamira, ndipo wogwayo amakokoloka kulowa m'malo ena olusa asanapume n'komwe. M'mbali mwa makoma madzi amabwadamuka kuchokera pansi ngati mphika wowira, kwinaku akuzungulira ngati kamvuluvulu, moti amatha kukokera munthu pansi kwa kanthawi ngakhale atavala jekete.

N'chifukwa chake makampani oyendetsa maulendowa amasintha poyambira malinga ndi kuchuluka kwa madzi. Malo olusa m'chigwembemo ali ndi manambala ndi maina. M'nyengo ya madzi ochepa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Disembala, ulendo umayambira pa Boiling Pot, dziwe la kumunsi kwa mathithi, pafupi ndi mlatho wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe umene unamangidwa mu 1905, ndipo umadutsa pa nambala 5, Stairway to Heaven, ndi nambala 7, Gulliver's Travels. Pa nambala 9 alendo amatsika n'kuyenda pansi, ndipo dzina lake lokha, Commercial Suicide (kudziphera bizinesi), likukwanira kufotokoza chifukwa. Madzi akachuluka gawo lakumtundali limatsekedwa, maulendo n'kumayambira kumunsi, ndipo akafika pachimake amaimitsidwa onse kwa milungu ingapo. Tsiku lotsegulanso silidziwikiratu, chifukwa limadalira muyeso wa madzi wa chaka chimenecho.

Pali chinanso chimene simunafunse. Kusefukira kumasuntha mchenga ndi miyala, kumasiyanso zipika zokodwa m'mipata, choncho njira imene bwato linadutsa bwino chaka chatha ikhoza kukhala itasintha. Kampani yodalirika imatumiza kaye antchito ake kukayendera mtsinje isananyamule alendo, ndipo mukamalipira muli ndi ufulu wofunsa ngati zimenezi zachitika, komanso ngati padzakhala opalasa timabwato ta kayak otsogola kuti apulumutse ogwa.

Ngati tchuthi chanu chingasunthike, pitani mu Seputembala kapena Okutobala, ngakhale kuti m'chigwembemo mumatentha koopsa, ndipo chitunda chokwera potuluka chimatopetsa ena kuposa kupalasa kumene. Ngati sichingasunthike, imbirani kampaniyo foni kutatsala sabata imodzi, mufunse nambala imene ulendo ukuyambira, ndipo musapereke ndalama zonse musanamve yankho.