Funsani Azakhali: Akuti tilipire kaye kuti ana amasiye alembedwe

Azakhali,

Mayi anga amakhala ku Jali ndipo akulera adzukulu atatu, ana a malemu achemwali anga. Sabata yatha kudafika anyamata awiri ovala malaya olembedwa dzina la bungwe, akuti amathandiza ana amasiye ndi okalamba. Adajambula anawo ataima pakhonde, kenako adati mayi apereke K5,000 pa mwana aliyense kuti alowe m'kaundula, ufa ndi yunifomu zibwera pambuyo. Mayi akufuna kugulitsa nkhuku zawo. Ndiwalole?

Wodandaula, Chinamwali

Mwanangu,

Nkhukuzo zisachoke m'khola. Bungwe lothandiza osauka silitolera ndalama kwa wosauka yemweyo kuti limulembe dzina. Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa anthu otere amadziwa khomo loti agogode: la agogo otopa, amene akangomva za ufa wa adzukulu sangafunsenso zambiri.

Anyamatawo akabweranso, mayi awafunse kuti amfumu akudziwa za ulendo wawo kapena ayi. Mabungwe enieni salowa m'mudzi ngati mbala. Amayamba ku khonsolo, amadzera kwa mfumu ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi, ndipo mayina amalembedwa anthu akuona. Afunsenso kalata yosonyeza kuti bungwelo lidalembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma. Woona mtima sakwiya ukamufunsa kalata.

Za zithunzizo ndiye zandidetsa nkhawa kuposa ndalamazo. Nkhope ya mwana wamasiye ena amapemphera nayo ndalama pa Facebook, mwini nkhope osalawako ngakhale phala. Imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane yomwe amayendetsa a bungwe loona za ana ndi achinyamata la YONECO konkuno ku Zomba, muwafotokozere zonse. Mukhozanso kukanena kupolisi, ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza.

Komabe njala ya pakhomopo ndi yeniyeni, ndipo kuthamangitsa akuba sikudzaza mphika. Inu muli pafupi ndi tauni, kwerani minibasi mupite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ija timaitchula kuti Social Welfare. Mukafunse za Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama ku makomo osauka. Ndondomekoyi idayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo idapangidwira makomo ngati a mayi anuwo: osaukitsitsa, opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Kulembedwa n'kwaulere. Sindikukulonjezani kuti alowa mawa, chifukwa amatenga makomo ochepa, pafupifupi 10 pa 100 alionse, ndipo salemba tsiku lililonse. Koma dzina la mayi likadziwika ku ofesiko, mabungwe enieni akamafunsa kumene kuli ana ovutika amalozeredwa komweko.

Ngati wamng'ono sadayambe sukulu ya pulayimale, azipita ku mkombaphala wa m'mudzimo. Ndipo Loweruka lino pitani ku Jali mukalankhule ndi mayi maso ndi maso, chifukwa pa foni akuyankhani kuti amva, nkhuku zili kale pa njinga.

Azakhali