Ndikawonjezera batire lachiwiri, invata ikhala maola angati?

Akulu ena a ku Chilomoni anditumizira imelo, akuti ali ndi invata ya 12V ndi batire limodzi la 100Ah, amalumikizapo TV, dikoda, mababu anayi ndi rauta, koma magetsi akathima madzulo invata imayamba kulira mpira usanathe nkomwe. Ndiye akufunsa kuti akagula batire lina zinthuzi ziziyaka maola angati.

Akulu, tengani 12 wa 12V muchulukitse ndi 100 wa 100Ah, mupeza 1200Wh, ndiyo mphamvu yonse imene batirelo limasunga, koma musasangalale msanga chifukwa batire la asidi kapena la jelo silifuna kukamidwa mpaka kuuma, mumangogwiritsa theka basi ngati mukufuna likhalitse, ndiye kwatsala 600, invata nayo imadyako yake posintha magetsiwo, tingoti mwatsala ndi 510. Tsopano werengani timapepala tomatidwa kumbuyo kwa zipangizo zanu muone kuti chilichonse chimakoka mphamvu ya ma W angati. Tiyerekeze TV ndi 60W, dikoda 15, mababu a 9W anayi 36, rauta 10, zonse pamodzi pafupifupi 120. Gawani 510 ndi 120, maola 4 ndi kakota. Apo batire likadali latsopano.

Mukawonjezera lina la 100Ah nkulumikiza pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, muli ndi 200Ah pa 12V yomweyo, maola 8 ndi theka, mwinanso kupitirirako pang'ono poti batire lililonse likukokedwa mofatsa. Chonde musalumikize pulasi ku mainasi, imeneyo ndi 24V, invata yanu ya 12V ipsa.

Koma nkhani yaikulu ili pa chaja, ndipo ogulitsa ambiri saitchula. Ma invata ang'onoang'ono ambiri amatchaja pa 10A. Mabatire awiri otsika theka akufuna 100Ah kuti adzaze, amenewo ndi maola opitirira 10 magetsi ali chiyakire, nanga akangobwera maola 6 nkuthimanso? Mabatirewo azikhala osadzadza tsiku ndi tsiku, ndipo batire la asidi likamakhala chonchi limafa msanga, pakangopita miyezi mupeza awiri akugwira ntchito ya limodzi, ndalama zapita.

Chinanso, simunandiuze lanulo lakhala nthawi yaitali bwanji. Ngati latopa kale musaliphatikize ndi latsopano, lakalelo limakoka linzake nkulifooketsa. Akhale a mtundu umodzi, Ah yofanana, mawaya okhuthala ndi ofanana kutalika. Batire la galimoto ayi, lija analipangira kuliza injini kamphindi chabe.

Batire la lithiamu ndi labwino, mumagwiritsa mpaka 80 kapena 90 pa 100 ya mphamvu yake, kungoti mtengo wake ndi wowawa komanso invata yanu iyenera kuti izigwirizana nalo. Ketulo ndi simbi musayese kulumikiza pa invatayi, ketulo yokha imakoka cha m'ma 2000W.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndaona kabuku ka invatayo kuti chaja yake ndi ya ma amp angati. Ikakhala 10A, gulani kaye chaja ya 20A kapena sola, batire lachiwiri libwere pambuyo.