Mapesi akukana kutulutsa shuga ngakhale ndawonjezera enzyme

Funso: Ndili ndi kathanki kamene ndikuyesera kupangiramo ethanol wa mbaula kuchokera ku mapesi a chimanga. Ndimagaya mapesiwo, n'kuwaviika m'madzi otentha, kenako ndimathira enzyme ya cellulase (mankhwala ophwanya ulusi wa mapesi kuti usanduke shuga) imene ndinagula pa intaneti. Patatha masiku atatu shuga amakhala wochepa moti yisiti sapeza chakudya. Ndawirikiza enzyme kawiri koma palibe chasintha. Kodi anandigulitsa yachinyengo?

Yankho: Achimwene, musathamangire kunena wogulitsa, chifukwa m'kalata yanu simunatchule paliponse kuti munachotsa lignin, ndipo mathanki ambiri amene ndaitanidwa kukawaona anali ndi vuto lomweli. Phesi la chimanga lili ndi cellulose, ulusi umene enzyme imadula kuti mutuluke shuga, pafupifupi magawo 35 mpaka 40 pa 100, ndipo lignin, amene amalimbitsa phesi kuti liime m'munda, amakhalapo pafupifupi magawo 15 mpaka 20. Madzi otentha a pa mbaula samusuntha n'komwe.

Cellulase yambiri yogulitsidwa imachokera ku nkhungu yotchedwa Trichoderma reesei, imene inapezeka ikuwoletsa mahema a asilikali a ku America ku zilumba za Solomon pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Enzyme yake yaikulu ili ndi kachiwalo kosalala kamene imagwirira pa ulusi wa cellulose, kenako n'kumayenda ikudula shuga kumapeto kwa ulusiwo. Tsoka lake n'lakuti kachiwalo komweko kamamatiranso pa lignin, ndipo enzyme ikakakamira pamenepo imangokhala osadula kanthu, nthawi zambiri osachokaponso. Enzyme imene munawonjezerayo yambiri inangokathera pa lignin, n'chifukwa chake ndalama zapita koma shuga sanabwere.

Musanagule china chilichonse, chitani kuyesa uku, kumene ine sindidumpha pa thanki iliyonse. Tengani mabotolo awiri oyera ofanana, muikemo madzi ofanana, enzyme yofanana, ndi kachidutswa kofanana ka pepala losefera la mu labu, popeza pepalali ndi cellulose yekhayekha wopanda lignin. Mu botolo lachiwiri lokha muwonjezere supuni imodzi ya masese ofiirira otsala pansi pa thanki yanu, mutawatsuka bwino kuti shuga wakale asakusokonezeni. Mabotolo onse awiri akhale m'beseni limodzi la madzi a madigiri 50 Celsius, ndipo muziwagwedeza pang'onopang'ono maola angapo alionse. Mawa lake muyeze shuga ndi timapepala toyezera shuga m'mikodzo timene timapezeka m'mafamase. Pepala la botolo loyamba likasanduka phala n'kupereka shuga pamene lachiwiri likutsalira kutali, wakuba ndi lignin. Mabotolo onse awiri akakhala chete, pepala lili gwa, ndiye kuti enzyme yanu inafa kale, kaya chifukwa inali yotchipa yopanda tsiku lothera pa chikutiro, kaya chifukwa munaisiya pawindo padzuwa monga amachitira ambiri.

Mukapeza kuti ndi lignin, mapesi ogayidwawo muwaphike kaye m'madzi a caustic soda a magawo awiri pa 100, mutavala magolovesi ndi magalasi. Madziwo ada bii, ndipo kuda kumeneko ndi lignin amene wasungunuka. Apa m'pamene anthu amachita ulesi, ndipo zimandinyansa: amathira enzyme m'madzi akuda omwewo. Tsukani mpaka madzi ayere, chifukwa zotsalira za lignin zimafooketsa enzyme ndiponso soda amakweza pH (muyezo wa asidi m'madzi) kufika poti cellulase singagwire ntchito. Ikani pH pafupi ndi 5, kapena pamwamba pang'ono mpaka 5.5, pakuti pamenepo enzyme simamatira kwambiri pa lignin wotsalayo. Tween 80 (mankhwala amadzimadzi ogwira ntchito ngati sopo) pang'ono, wothiridwa enzyme isanalowe, amaphimba lignin n'kuisiyira enzyme njira.

Kutentha kusapitirire madigiri 50, ndipo muyeze ndi choyezera chenicheni osati chala. Onaninso pa chikutiro cha enzyme yanu ngati muli beta-glucosidase, enzyme ina imene imadula cellobiose (shuga wophatikana awiriawiri wochokera ku cellulose) kukhala glucose, popeza popanda iyo cellobiose amaunjikana n'kuimitsa ntchito yonse. Ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amapanga ethanol kuchokera ku molasesi amene ali kale ndi shuga, choncho musayerekeze zokolola zanu ndi zawo. Mukamaliza kuyesa mabotolo awiri aja, mundilembere zimene timapepala tasonyeza pa botolo lililonse.