Chumuni cha m'nyumba zamdadada za ku England: musanaitane munthu wa hamala

Mayi wina wa ku Wolverhampton wandilembera imelo. Iwo ndi amuna awo angogula kumene nyumba yamdadada, zija zogundizana makoma, ndipo akufuna kugumula chumuni chifukwa chipupa chake chotundumuka chija chadya malo m'chipinda cha ana, bedi lachiwiri likukana kulowa. Akufunsa ngati pakufunika planning permission, chilolezo cha khonsolo chomangira kapena kusintha nyumba. Akuti m'bale wina wa kutchalitchi wawatsimikizira kuti palibe chokafunsa kwa munthu, iye atha kumaliza Loweruka limodzi, pamtengo wachibale.

Mayi, nditafika pa "Loweruka limodzi" ndinayamba ndaika foni pansi.

Nyumba yathu kuno ku Nottingham ndi yamtundu womwewo, ya njerwa zofiira, yomangidwa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Chimene chinatikoka mtima poigula ndi pabalaza. Nyumba zinzake mumsewu wathu pabalaza m'pothina, koma yathuyi khoma linali losalala kuchokera kukona kufika kukona, sofa yaikulu n'kukwana bwinobwino. Wogulitsa analemba pafomu kuti sakudziwa za ntchito iliyonse imene inachitikapo. Kuchipinda cham'mwamba chipupa cha chumuni chinalipo, padenganso chumunicho chinali chiimire ndi timiphika take.

Patapita nthawi siling'i ya pabalaza inayamba kung'aluka, kamzere kowonda, kenako n'kumakula. Chitseko cha kuchipinda chinayamba kukana kutsekeka. Injiniya amene tinaitana anazula matabwa apansi m'chipindamo, nayatsa tochi, n'kukhala duu kwa kanthawi. Atadzuka anati sofa ichoke pamenepo lero lomwe. Munthu wina zaka zam'mbuyomo anagumula chumuni pabalaza pokha. Njerwa zonse zam'mwamba, kuyambira kuchipinda, kudutsa m'denga mpaka kunja, zinatsala zitakhala pa matabwa amene anaikidwa kuti anyamule bedi ndi anthu basi. Njerwa zimenezo zimalemera kuposa tani, ndipo zinali pamwamba penipeni pa malo amene ana amaonerera TV.

Chumuni ndi chinthu chimodzi kuchokera pamaziko mpaka padenga. Kugumula chapansi n'kusiya cham'mwamba kuli ngati kusolola thumba lapansi pa mulu wa matumba a chimanga. Mulu umatha kuima kaye, koma tsiku logwa palibe angakuuzeni.

Kukonza kwake kunatidya. Injiniya anawerengetsa kukula kwa chitsulo chopingasa choti chinyamule njerwazo. Ku khonsolo, ku ofesi ya Building Control imene imayendera ntchito zomanga, tinakapempha regularisation certificate, chikalata chimene amapereka pa ntchito yochitika popanda chilolezo kuyambira pa 11 November 1985. Malipiro ake amaposa amene munthu amalipira akapempha ntchito isanayambe, ndipo woyendera amafuna siling'i ing'ambidwe kuti aone ndi maso ake.

Ndiye panali aneba, agogo achizungu okhala okha. Khoma limene chumuni chatsamira ndi la nyumba ziwiri, ndipo chumuni cha padenga nachonso n'chogawana, theka lathu theka lawo. Agogowo ankawothabe moto wa gasi wotulutsira utsi m'chumuni chomwecho. Pakati pa njira yawo ya utsi ndi yathu pali njerwa imodzi yokha, ndipo ikasweka kapena kusuntha, mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha n'komwe, umalowa m'nyumba n'kupha anthu ali m'tulo. Lamulo la Party Wall etc. Act la 1996 limati ukafuna kudula kapena kuboola khoma logawana, uwalembere aneba miyezi iwiri ntchito isanayambe. Iwo ali ndi masiku 14 oti avomere polemba. Akakana, kapena akangokhala chete, lamulo limati pali mkangano, ndipo pamalowa saveya. Mwana wa agogowo anasankha saveya wakewake, bilu n'kubwera kwa ife poti ntchito inali yathu. Sindinawakwiyire. Akanakhala amayi anga, inenso ndikanatero.

Nyumba zimenezi zili ndi poyatsira moto pafupifupi m'chipinda chilichonse chifukwa eni ake oyamba ankadalira malasha. Mu December 1952 utsi wa malasha unaphimba London kwa masiku angapo, anthu masauzande n'kufa, ndipo mu 1956 kunabwera Clean Air Act, lamulo lochepetsa utsi. Kenako kunafika ma boiler a gasi ndi ma radiator, machumuni ambiri n'kutha ntchito. Kwathu chumuni ndinkachiona m'nyumba zakale zaboma ku Zomba ndi m'nyumba za mabwana m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, nyumba zoima pazokha pakati pa kapinga, zoti ukagwetsa chumuni sukhudza munthu. Ndipo ambirife tinakula ndi maganizo akuti nyumba ikakhala yako ndi yako, ukafuna zenera umaitana bilidala aboole, mawa lake apake pulasitala. Maganizo amenewa timakwera nawo ndege.

Tsono ndinene mosapsatira. Abale athu ena kuno ndi amisiri enieni, ali ndi mapepala ndi inshulansi, ndipo amenewo mumawadziwira pa funso lawo loyamba: injiniya wanena chiyani? Munthu wolonjeza Loweruka limodzi asanasuzumire n'komwe m'denga, ameneyo ayi. Ndipo zikadzavuta mudzatani naye? Mlendo mutha kumusumira. M'bale wa kutchalitchi mudzakhala naye benchi imodzi Lamulungu, akuluampingo n'kumakupemphani kuti mukhululuke, siling'i ili pansi. M'magulu athu a WhatsApp nkhani zoterezi sizilembedwa, chifukwa wolakwiridwa amachita manyazi ndipo wolakwayo ali m'gulu momwemo, ndiye nambala yake imangoyendabe.

Mtengo wachibale umenewo amadzalipira ndi wogula nyumbayo pambuyo panu, monga ife, kapena inu nomwe tsiku logulitsa, loya wa wogula akadzafunsa completion certificate, chikalata cha Building Control chotsimikiza kuti ntchito inatha motsatira malamulo, inu mulibe. Ena amati kuli indemnity insurance, inshulansi ya ntchito yopanda mapepala. Iliko, koma imangokutetezani khonsolo ikakutsatani pa za mapepala. Njerwa siinyamula ayi.

Akakuuzaninso za gallows brackets, tizitsulo tamakona tokhomera kukhoma kuti tinyamule chumuni chotsala, dziwani kuti timakondedwa chifukwa n'totchipa. Makhonsolo ambiri amatilola pokhapokha khoma lili lochindikala, lolimba, ndipo aneba sanagumule chawo mbali inayo. Ena amatikaniratu. Njerwa zakale zomangidwa ndi laimu sizigwira bawuti bwino. Ine ndimati chitsulo chopingasa chenicheni, apo ayi chotsani chonse kuyambira padenga kutsika, ngati aneba alola.

Kunena zoona, mutandifunsa pamaso lero, ndingati chisiyeni chumunicho, gulani bedi losanjikiza. Malo amene mupezepo ndi ochepa poyerekeza ndi ndalama ndi fumbi lake. Mwaye wa zaka zoposa 100 umalowa paliponse, ndi m'makabati otseka momwe. Koma nyumba ndi yanu.

Tsono planning permission ija

Pa nyumba wamba ku England, kugumula chipupa cha chumuni m'kati sikufuna planning permission, ndipo kuchotsa cha padenga nthawi zambiri kumaloledwa popanda kupempha. Pamenepo m'bale wanuyo sananame. Zimasintha nyumba ikakhala listed, kutanthauza yotetezedwa ndi boma chifukwa cha mbiri kapena kamangidwe kake, pamene kukhudza chumuni popanda chilolezo chapadera cha listed building consent ndi mlandu, ngakhale m'kati momwe. Zimasinthanso ikakhala mu conservation area, dera lotetezedwa maonekedwe ake, limene khonsolo inaikamo Article 4 direction, lamulo loti ntchito zina zololedwa kwina muzipempha kaye, kapena ikakhala fulati. Ngati ndi ya leasehold, yoti malo ake ali ndi mwini wina, mwini maloyo ayambe wavomera. Imbirani khonsolo muwapatse adiresi yanu, ndipo mukafuna yankho lolembedwa pemphani Lawful Development Certificate, chikalata chotsimikiza kuti ntchitoyo siifuna planning permission.

Chimene sanakuuzeni ndi Building Regulations, malamulo oonetsetsa kuti chomanga n'cholimba ndi chosaopsa, amene amakugwirani ngakhale planning permission isakufunika. Yambani ndi injiniya wa structural, alembe masamu ake. Perekani ku Building Control hamala isanakhudze njerwa, ndipo kalata ya aneba ipite msanga chifukwa miyezi iwiri si pafupi. Munthu wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka, aone kaye ngati palibe chogwiritsabe ntchito chumunicho, poti nyumba zina zili ndi boiler yobisika kuseri kwa poyatsira moto. Mukasiya mbali ina ya chumuni, ivindikiridwe pamwamba koma mpweya uzidutsabe, apo ayi chinyezi chidzatulukira m'khoma. Mukapeza mileme kapena chisa choti mbalame zikugoneramo, ntchito iime, zimenezo n'zotetezedwa ndi lamulo. Dziwitsani a banki amene anakupatsani ngongole ya nyumba komanso a inshulansi. Owerenga a ku Scotland, kwanuko chilolezo cha ntchito yotere ndi building warrant, ndipo Party Wall Act siigwira ntchito kumeneko.

Pangano ndi mmisiri likhale lolembedwa, ndipo gawo lomaliza la ndalama zake musamupatse completion certificate isanatuluke.